Bokosi la Machesi

Zaka makumi awiri ndili pansi pa mango wa pa Chinamwali,
kumata machubu a njinga za akabaza.
Ndinkati mpweya ndimaudziwa ine:
ndimaukankha ndi pampu, ndimaumiza m'beseni,
ukafuna kuthawa umadziulula wokha ndi tithovu.
Koma mpweya wa Asiyatu
sindinauwerengepo mpaka chaka chino.

Kuchipatala, kutali uko
komwe minibasi imatidyera ndalama ya sabata yathunthu,
anamugoneka chagada, manja pamwamba pa mutu,
namudinda timadontho titatu tosamva sopo.
Mtsikana woyendetsa makina anamuika kabokosi pachifuwa.
"Mayi, aka ndi kakazitape.
Mukakoka mpweya kamakwera, mukatulutsa kamatsika,
ndipo diso lili apolo likuona zonse.
Bere lodwala ndi lakumanzere,
mtima uli kuseri kwake komweko.
Mukadzaza mapapo, mtimawo umapatuka panjira ya moto.
Mukaphonya, makina aima okha,
sawotcha mwachisawawa.
Kayeserereni kunyumba. Mubwere Lolemba."

Ndiye tili kuno.
Azana ya m'bandakucha ikangotha,
iye pamkeka, ine chogwada,
bokosi la machesi pakati pa nthiti zake.
Mwatsala timitengo tinayi, timalira akagwedezeka.
Wani. Thuu. Firii.
Tsiku loyamba anafika pa seveni n'kutsokomola,
machesi mbwee mpaka kunsi kwa kabati.
Anaseka.
Ine sindinaseke.

Shaibu anati ndimawerenga mothamanga
ngati kondakitala woitanira za ku Liwonde,
nandilanda ntchito, mwana wa sitandade fayifi,
ndi foni yosweka galasi m'dzanja.
Lachitatu tinafika pa thwelofu.
Nkhungu inali itatsika m'phiri, yameza mitengo ya paini,
ndipo m'nyumba munangoti zii,
kupatula nkhuku ya aneba yopalasa pakhonde.

Lachinayi anakana.
"Mpweya wanga womwe ukhale ndi kapitawo?
Ndinabadwa ndikupuma popanda wondiwerengera."
Anatembenukira kukhoma.
Ndinapita kuntchito osamwa tiyi,
ndinamiza chubu m'madzi, n'kungochigwira,
kuyang'ana tithovu tikukwera timodzitimodzi,
mpaka mwini njinga anati,
"Achimwene, bowolo mwaliona kalekale,
makasitomala akundithawa."

Usiku wa Lachisanu ndinadzidzimuka.
Magetsi anali atazima, agalu a ku Matawale akuyankhana.
Ndinamva timitengo tija tikulira pang'ono, tswa tswa,
kenako chete.
Analiika yekha, mumdima, osandidzutsa.
Ndinanamizira tulo, ndikuwerenga ndi khutu.
Fifitini. Sikisitini.
Bokosi osagwedera.
Nayintini. Thwente. Thwente wani.
Chifuwa chinayamba kundiotcha,
pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti nanenso ndagwira wanga,
ndipo ndinaphulika ndine, fuuu,
ngati chubu chomata ndi guluu wakale.
Iye anatulutsa wake mwapang'onopang'ono, mosapupuluma.
"Mwagonja ndinu, bambo ake Shaibu."

Mawa ndi Lolemba.
Chikwama chili pakhomo: zitenje ziwiri, buku la kuchipatala,
mbatata yootcha, mafuta opaka pamene khungu lidzade.
Bokosi lija wati litsale,
kumeneko kuli lake la madokotala,
ndipo machesi akufunika pambaula.

Asiyatu, uli mtsikana wogulitsa sitiroberi m'njira ya ku Chawe
ndinaupempha mtima wakowo miyezi isanu ndi itatu
kuti usendere kuno.
Ndinatha nsapato, ndinatha mawu.
Lero ndikuupempha zina:
upatuke.
Usendere kumbuyo pang'ono chabe, kutalika kwa chala changa chakudachi,
moto udutse, upeze chimene wadzera.
Masekondi makumi awiri.
Akakuuza kuti pumani, mayi,
ubwerere pomwe unali.

Ine ndidzakhala pabenchi panja, sadzandilola kulowa.
Ndidzawerengabe,
mothamanga monga mwa nthawi zonse.